Mphamvu ya Thupi Imamangidwa Modekha: Phunziro la Ovina a Kufupi ndi Park Station

Pa Park Station, siteshoni yaikulu ya sitima ndi mabasi mu mzinda wa Johannesburg, sipakhala bata. Apa ndi pamene mabasi ambiri ochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe amathera ulendo wawo, atayenda usana ndi usiku kudzera ku Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, mtunda wopitirira makilomita 1,500. Apaulendo amatsika mapazi atatupa, misana itauma gwa. Komatu nthawi yodziongola sipezeka. Mayi amawerama n'kuyamba kukoka chikwama chodzaza ndi mpunga ndi usipa, mnyamata amaponya thumba paphewa mwachangu, ndipo okankha tingolo ta katundu amathamangira uku ndi uku kulimbirana makasitomala. Kwa Amalawi ambiri, moyo wa ku Joni umayamba chonchi: katundu wolemera pa thupi lotopa.

Munthu akatuluka pa siteshoniyi n'kukwera kachitunda kolowera ku Braamfontein, m'mphindi zosakwana 20 amafika pa nyumba ya zisudzo ya Joburg Theatre. Kumeneko, m'chipinda chachikulu chokhala ndi magalasi m'makoma, kagulu kena ka anthu kamayambanso ntchito yake ya tsiku. Amuna ndi akazi amaima pamzere, dzanja limodzi litagwira mtengo wosalala umene udaikidwa chopingasa. Nyimbo ikayamba, onse amapinda maondo pang'onopang'ono, misana ili njo, kenako n'kuongokanso. Amabwereza, n'kubwerezanso. Wongodutsa akhoza kuganiza kuti anthuwa akungotaya nthawi. Awa ndi akatswiri a gulu la Joburg Ballet, ndipo mtengo agwirawo umatchedwa barre.

Magulu awiriwa mwina sadziwana n'komwe, koma amafanana pa chinthu chimodzi: onse amadyera thupi lawo. Bondo likavulala kapena msana ukakana, ndalama nazo zimaleka kubwera. Kusiyana kwake n'kwakuti ovinawo adaphunzitsidwa kukonzekeretsa thupi tsiku ndi tsiku lisanayambe ntchito yolemetsa. Njira yawo yagona pa zinthu zitatu: kuongola bwino thupi, kuchita chilichonse modekha uku maganizo ali pomwepo, ndi kumanga mphamvu pang'onopang'ono. Mlimi, mlangizi wa zaumoyo ndi mtsogoleri wa gulu la achinyamata onse ali n'chotolapo pa njira imeneyi.

Gule wochokera kutali

Ballet ndi gule amene adayambira m'nyumba za mafumu a ku Italy zaka zoposa 500 zapitazo, ndipo adakakhwimira ku France. M'chaka cha 1661, mfumu Louis XIV, amene nayenso adali wovina, adakhazikitsa sukulu ya zovinavina mu mzinda wa Paris. Mphunzitsi wake, Pierre Beauchamp, ndiye amadziwika kuti adakhazikitsa mitundu isanu ya kaimikidwe ka mapazi imene mwana aliyense wophunzira guleyu amayambira mpaka lero. N'chifukwa chake mayina a masitepe ake ndi a Chifalansa, kaya akuphunzitsidwa ku Moscow, ku Havana kapena ku Soweto.

Aphunzitsi a m'mibadwo yotsatira adasanja maphunzirowa mwadongosolo. Carlo Blasis wa ku Italy adalemba buku la luso la kavinidwe mu 1820. Agrippina Vaganova wa ku Russia adatulutsa lake mu 1934, ndipo njira yake imamutengera wophunzira zaka 8 kuti amalize. Aphunzitsiwa adasiyana pa zambiri, koma adagwirizana pa mfundo imodzi: palibe wodumpha m'mwamba asanaphunzire kuima pansi.

Zimene zimachitika pa barre

Barre ndi mtengo kapena chitsulo chobulungira, chotalika kufika cha m'chiuno kapena kupitirirako pang'ono. Phunziro la tsiku ndi tsiku la akatswiri limatenga pafupifupi ola limodzi ndi theka, ndipo mphindi 30 kapena 45 zoyambirira zimathera pa mtengowu. Katswiri amene wavina zaka 20 amachita masitepe omwewo amene mwana wa zaka 8 akuphunzira, m'ndondomeko yofanana.

Amayamba ndi plié, kumene ndi kupinda maondo. Uku kumatenthetsa minofu ya m'ntchafu ndi akatumba, ndiponso kumaphunzitsa miyendo kulandira thupi mofewa likamatera pansi. Kenako pamabwera tendu, pamene phazi limasendera pansi, kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo, mpaka zala zitaloza, koma osachoka pansi. Akatero amayamba kulinyamula phazilo pang'ono, kujambula nalo theka la bwalo pansi, kupinda ndi kuongola mwendo umodzi umene thupi latsamirapo, ndi kutambasula mwendo m'mwamba modekha n'kuusunga komweko. Pomalizira penipeni ndi pamene amaponya mwendo m'mwamba mwamphamvu. Akamaliza mbali imodzi amatembenuka n'kuchita chimodzimodzi mbali inayo, kuti mwendo wina usalimbe kuposa unzake.

Dongosololi lili ndi nzeru yake. Zing'onozing'ono zimatsogola, zikuluzikulu zimatsatira. Zodekha zimatsogola, zachangu zimatsatira. Thupi lozizira silipatsidwa ntchito yolemetsa.

Chinanso chofunika ndi kagwiridwe ka mtengowo. Aphunzitsi amaletsa kuukakamira kapena kuutsamira. Dzanja limangokhalapo mopepuka, patsogolo pang'ono pa thupi. Wophunzira amene amapachika thupi lake lonse pa barre amadzinamiza, chifukwa ikakwana nthawi yovina pakati pa chipinda popanda chogwira, amayamba kudzandira. Ntchito ya mtengowo ndi kumuchotsera mantha a kugwa kuti maganizo ake akhale pa kaimidwe, mpaka tsiku limene sadzaufunanso.

Nyumba yokhota siikhalitsa

Mmisiri womanga nyumba amayamba wakoka chingwe ndi kuika levulo, chifukwa amadziwa kuti njerwa yoyamba ikakhota, khoma lonse likhota, ndipo denga likadzaikidwa mng'alu udzaoneka. Thupi la munthu lilinso chimodzimodzi. Wovina akaima, khutu, phewa, chiuno, bondo ndi kakolo ziyenera kukhala pamzere umodzi munthu akamamuonera cham'mbali. Zikatero, mafupa ndiwo amasenza gawo lalikulu la kulemera kwa thupi, ndipo minofu siitopa pachabe.

Maziko ake ndi phazi. Phazi limodzi lili ndi mafupa 26, ndipo liyenera kutsamira pansi pa malo atatu, monga mphika ukhalira pa mafuwa: pa chidendene, m'munsi mwa chala chachikulu ndi m'munsi mwa chala chaching'ono. Fuwa limodzi likatsika, mphika umapendekeka. Phazi likagwera m'kati, bondo nalo limatsatira, ndipo chiuno chimapotoka kuti chibwezere.

Chiuno chimayerekezedwa ndi beseni lodzaza madzi. Munthu akatulutsa matako kumbuyo, madzi amatayikira kutsogolo ndipo m'munsi mwa msana mumapanikizika. Akawabweza m'kati mopitiriza muyezo, madzi amatayikira kumbuyo. Wophunzira amafunafuna malo a pakati, ndipo minofu ya pamimba ndi ya m'matako ndiyo imamuthandiza kukhala pamenepo. Mapewa amakhala omasuka, khosi lotalika, ndipo mpweya ukupumidwa bwinobwino.

Pali chinthu china chimene chimasiyanitsa ballet ndi magule ena: miyendo imatembenuzidwa kuti maondo ndi zala ziloze kunja. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amavulalira. Kutembenukaku kuyenera kuyambira m'chiuno, pamene fupa la ntchafu limalowa m'mbale yake, ndipo timinofu 6 tobisika m'kati mwa thako ndito timagwira ntchitoyi. Koma anthu adabadwa mosiyana. Ena mafupa awo amalola kutembenuka kwambiri, ena pang'ono. Wophunzira wofuna kuoneka ngati mnzake amapotoza mapazi okha mokakamiza, chiuno chisadalole. Pagalasi zimaoneka bwino, koma bondo, limene lidapangidwa kuti lizipindika ngati chitseko, limayamba kupotozedwa ngati nsalu yofinyidwa. Lamulo la aphunzitsi abwino ndi lachidule: popinda, bondo lilunjike pamwamba pa zala za pakati za phazi. Likagwera m'kati, ndiye kuti mapazi atsegulidwa kuposa mmene thupi lingathere, ndipo ayenera kubwezedwa.

Chifukwa chiyani modekha?

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa barre mawuwa amaoneka ndi maso. Munthu akaponya mwendo mwachangu, liwiro ndilo limaunyamula, ndipo kufooka kwa minofu kumabisika. Koma akauzidwa kuti aukweze powerenga mpaka 8, ausunge, kenako autsitse powerenganso mpaka 8, choonadi chimatuluka. Mwendo umanjenjemera, chiuno chimafuna kupendekeka, phewa limakwera. Pamenepo mphunzitsi amaona pofunika kukonza, ndipo wophunzira mwini amamva m'thupi mwake pamene pali vuto.

Chifukwa chachiwiri chili mu ubongo. Ubongo umasunga chimene thupi labwerezabwereza, osasankha chabwino kapena choipa. Wobwereza molakwika ka 100 waphunzira kulakwitsa, ndipo kuchotsa chizolowezi chotere kumatenga nthawi yaitali kuposa kuphunzira molondola poyamba. Ichi n'chifukwa chake ovina amaphunzitsidwa kuika maganizo pa chimene akuchita: kumva pamene phazi lakhudza pansi, kudziwa minofu imene ikugwira ntchito, ndi kumasula imene ikungokungika popanda chifukwa.

Chachitatu n'chakuti ziwalo za thupi sizilimba pa liwiro limodzi. Minofu imayamba kusintha m'masabata ochepa, koma mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa imatenga miyezi. Munthu amene waonjezera ntchito mwadzidzidzi amadzimva wamphamvu pamene mitsemphayo isanakonzeke, ndipo ndi pamene ululu wa m'chidendene ndi m'bondo umayambira.

Umboni wa phindu la njirayi udaoneka ku Australia. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, akatswiri osamalira matupi a ovina a gulu la Australian Ballet, motsogozedwa ndi Sue Mayes, adaona kuti ovina amene sankatha kudzikweza pa zala za mwendo umodzi ka 25 ndiwo ankadandaula kawirikawiri za ululu wa mu akakolo. Adalangiza kuti kudzikweza kotereku kuzichitika pa barre tsiku lililonse, modekha ndi molunjika. Kuvulala kwa akakolo ndi akatumba kudachepa kwambiri, ndipo magulu ena ovina m'maiko osiyanasiyana adatengera njirayi. Sipadafunike makina kapena mankhwala.

Njira ya barre idafikanso kwa anthu wamba. Lotte Berk, wovina wa ku Germany amene adathawira ku London, atavulala msana adaphatikiza masitepe a pa barre ndi zimene ankaphunzira pochira, ndipo mu 1959 adatsegula malo ophunzitsira amayi amene sadali ovina konse.

Thupi la mwana silikakamizidwa

Chimene chimakopa ana ambiri ku ballet ndi kuona atsikana akuvina ataima pa nsonga za zala, atavala nsapato zolimba kutsogolo. Koma bungwe la International Association for Dance Medicine and Science, limene limaona za umoyo wa ovina, limalangiza kuti mwana asayambe kuima chotero asanakwanitse zaka 12, ndiponso pokhapokha ataphunzira kwa zaka zingapo ndipo miyendo ndi pamimba pake zalimba. Chifukwa chake n'chakuti kumapeto kwa mafupa a mwana kumakhala kofewa, poti ndi kumene fupa limakulira, ndipo kukapanikizidwa msanga kukhoza kuwonongeka. Mphunzitsi amene amamuuza mwana kuti adikire chaka china amamufunira zabwino, ngakhale mwanayo alire.

Mfundo imeneyi siithera m'chipinda chovinira. Mafupa a mtsikana wa zaka 9 wa ku Dedza ndi ofewa chimodzimodzi ndi a mnzake wa ku Braamfontein. Ngati akatswiri amakana kuti mwana asenze thupi lake lomwe pa zala, makolo ndi atsogoleri a m'midzi ayenera kuganizira kawiri asanamutwike ndowa ya malita 20 kapena mtolo wa nkhuni wa munthu wamkulu. Kuongola mtengo m'poyamba, ndipo kuupinda nakonso m'poyamba.

Makomo amene adali otseka

Kwa zaka zambiri, ballet ku South Africa adali gule wa azungu. Malamulo a tsankho ankatseka makomo a masukulu ndi nyumba zikuluzikulu za zisudzo kwa anthu ena onse. Johaar Mosaval, mnyamata wa ku District Six mu mzinda wa Cape Town, adachita kuchoka m'dziko lake mu 1950 kuti luso lake lioneke, ndipo adakakhala mmodzi wa ovina otsogola a gulu la Royal Ballet ku London. Adamwalira mu 2023.

Zinthu zidasintha tsankho litatha. Gulu la South African Ballet Theatre lidakhazikitsidwa mu 2001, ndipo mu 2012 lidaphatikizana ndi la Mzansi Productions. Gulu latsopanolo lidatenga dzina la Joburg Ballet mu 2013, ndipo lakhala likuphunzitsa ana m'madera monga Soweto ndi Alexandra. Kitty Phetla, amene adakulira ku Alexandra, adayamba kuphunzira ali ndi zaka 9 pansi pa mphunzitsi Martin Schönberg. Mu 2012 adakhala mkazi wachikuda woyamba kuvina gule wotchuka wa The Dying Swan m'dziko la Russia, kwawo kwa guleyo. Pakati pa tsiku limene adagwira barre koyamba ndi tsiku limenelo padadutsa zaka pafupifupi 20.

Mthuthuzeli November, wa ku Zolani m'chigawo cha Western Cape, adayamba ali ndi zaka 15 kudzera m'bungwe la Dance for All, limene limapititsa maphunziro a zovina kwa ana a m'madera osauka. Mu 2019 adapeka gule wotchedwa Ingoma, wokumbukira sitiraka ya anthu ogwira ntchito m'migodi ya ku Witwatersrand ya mu 1946, ndipo mu 2020 guleyu adapata mphoto ya Olivier ku London. Migodi yake ndi yomwe ija agogo athu ankapitako pa Wenela. Motero gule amene adabadwira m'nyumba za mafumu adafika pofotokoza nkhani ya anthu okumba pansi.

Msana wa mlimi

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza kuti mu 2020 anthu 619 miliyoni ankavutika ndi ululu wa m'munsi mwa msana, ndipo vutoli ndilo limatsogola pa zinthu zolepheretsa anthu kugwira ntchito pa dziko lapansi. Mlimi safunika kuuzidwa zimenezi. Amadziwa mmene msana umamvekera pa nyengo yokonza mizere, yopalira ndi yobandira. Amadziwanso kuti mvula siidikira wodwala: sabata imodzi pamphasa m'mwezi wa December imatanthauza udzu m'munda ndi nkhokwe yosadzaza.

Ovina nawonso amavulala, ndipo barre si mankhwala a matenda onse. Koma mfundo zake zimagwira ntchito kumunda. Yoyamba ndi kuyamba mopepuka. Kukhapa kwa khasu koyamba m'mawa kusakhale kwamphamvu kuposa konse. Yachiwiri ndi kupatsa miyendo ntchito. Ponyamula thumba, munthu alifike pafupi, atangadze miyendo pang'ono, apinde maondo ndi m'chiuno, aliyandikizitse ku thupi, kenako adzuke ndi mphamvu ya ntchafu. Pofuna kutembenuka asunthe mapazi, asapotoze msana katundu ali m'manja. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 ndi la anthu awiri. Yachitatu ndi kusinthanitsa mbali, monga ovina amatembenukira pa barre: mwendo wotsogola polima ndi dzanja lonyamulira ndowa zizisinthidwa. Yachinayi ndi kuonjezera ntchito pang'onopang'ono kumayambiriro kwa nyengo yolima, thupi litakhala miyezi osagwira khasu.

Pa nkhani ya kaimidwe, amayi a kumudzi ali kale ndi luso limene ovina amalivutikira zaka. Wosenza ndowa pa nkhata sangayende atapinda khosi kapena akugwedeza mutu. Kafukufuku amene adasindikizidwa m'magazini ya zasayansi ya Nature mu 1986 adapeza kuti amayi a mitundu ya Aluo ndi Akikuyu ku Kenya amatha kunyamulira pamutu katundu wolemera gawo limodzi mwa magawo asanu a thupi lawo popanda kutaya mphamvu yoonjezera. Kwa mayi wolemera makilogalamu 60, amenewo ndi makilogalamu 12. Koma ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, osawerengera ndowayo. Luso lilipo ndithu, koma khosi lili ndi malire ake.

Zimene magulu angayese

Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo pa sabata, ndipo wa zaka 65 kupita m'tsogolo azichita zomuthandiza kuti asamadzandire masiku atatu pa sabata, pofuna kupewa kugwa. Makalabu a alimi, magulu a amayi, a okalamba ndi a achinyamata akhoza kupatula mphindi 10 msonkhano usanayambe. Barre yake ikhoza kukhala nsungwi yokhwima yomangidwa pa nsanamira ziwiri, msana wa mpando wolimba kapena khoma. Mapazi asatembenuzidwe mokakamiza ngati a ovina, angoloza kutsogolo kapena kunja pang'ono.

Choyamba, munthu aime wopanda nsapato, amve malo atatu aja a phazi lililonse, amasule mapewa, atalikitse khosi ngati wasenza kanthu kopepuka, n'kupuma mozama kasanu.

Chachiwiri, apinde maondo powerenga mpaka 4, zidendene zili pansi, maondo akulunjika pa zala, kenako aongoke powerenganso mpaka 4. Abwereze ka 8.

Chachitatu, akweze zidendene modekha mpaka aime pa zala, n'kutsika modekha kuposa mmene anakwerera. Ayambe ndi miyendo yonse ka 10. Pakatha masabata angapo ayese mwendo umodzi.

Chachinayi, asendeze phazi pansi kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo, kanayi mbali iliyonse, chiuno chisakugwedezeka, kenako asinthe mwendo.

Chachisanu, aime ndi mwendo umodzi powerenga mpaka 20, dzanja lili pa chogwira. Akazolowera azigwira ndi chala chimodzi, ndipo pambuyo pake asiyiretu.

Wotsogolera gulu akumbukire kuti uwu si mpikisano. Ntchito yake ndi kuona ngati maondo akulunjika ndi kuletsa kufulumira. Kutopa kwa minofu n'kwabwino, koma ululu wobaya m'bondo, m'chiuno kapena mumsana ndi chizindikiro chakuti munthu aleke. Amayi oyembekezera, odwala mtima ndi amene adavulala posachedwa ayambe afunsa achipatala. Ndipo pali ululu wa msana umene sufuna masewera koma chipatala mwamsanga: wobwera ndi kutentha thupi, kuonda kapena thukuta la usiku, poti chifuwa chachikulu chimagwiranso mafupa a msana, wobwera ndi dzanzi kapena kufooka kwa miyendo, wolepheretsa munthu kusunga mkodzo kapena chimbudzi, ndi woyamba munthu atagwa kapena atachita ngozi.

Magule athu sakuchotsedwa

Sikuti achinyamata asiye magule a makolo n'kutengera a ku Ulaya. Gule Wamkulu, Vimbuza ndi Tchopa adalembedwa ndi bungwe la UNESCO pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse a pa dziko lapansi, ndipo Ingoma, Malipenga, Beni ndi Chimtali amafuna mphamvu ndi luso losachepera pa la ballet. Magule athu ambiri amavinidwa maondo atapindika, thupi litayandikira pansi, pamene ballet amakokera thupi m'mwamba. Koma bondo ndi limodzimodzi. Mnyamata wa Ingoma amene amaponda pansi mwamphamvu amafunika akakolo olimba monga mnzake wa ku Joburg Theatre. Gulu lovina la pasukulu kapena la achinyamata limene limayamba ndi mphindi zochepa zodekha ng'oma isanakolere, ndipo limaphunzitsa sitepe yatsopano pang'onopang'ono lisanaithamangitse, lidzasunga ovina ake nthawi yaitali.

Madzulo akafika ku Braamfontein, anthu amalowa mu Joburg Theatre kukaonera ovina akudumpha ndi kuzungulira ngati opanda mafupa. Amaomba m'manja chifukwa cha kudumphako, koma kudumphako kudakonzedwa m'mawa, pa mtengo uja, pamene panalibe woonerera. Kumunsi kwa chitunda, pa Park Station, mabasi ena amakhala akupakira ulendo wobwerera ku Malawi. Mafiriji, njinga, mabulangete ndi zikwama zimakwezedwa ndi manja a anthu amene mabanja awo ku Mangochi, ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay akudikira zimene misana imeneyo yagwirira ntchito. Khasu limanoledwa lisanapite kumunda, ndipo njinga imathiridwa mafuta isanayambe ulendo. Thupi nalo limangofuna mphindi zochepa tsiku lililonse, ndipo zikachitidwa modekha zimakwanira. Pajatu pang'onopang'ono ndi mtolo.